Fodya Alibe Chaka Chimodzi

Ndaziona mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe utapita kuchipatala kukatenga mankhwala a bambo ako. Usadabwe kuti munthu amene ukugona naye nyumba imodzi akukulembera kalata ngati ali ku Joni. Pakamwa ine sindikutha. Ndikangoyamba kulankhula umandidula ndi mfundo zako zondondozana bwino zija, ine n'kutsala kukamwa yasa, zonena zanga n'kudzandibwerera ndili kale kuchitsime. Pepala silidula munthu pakamwa. Uwerenge mpaka pansi, ukamaliza ndiye uzilankhula.

Nkhani ndi yadzulo ija. Unati, "Amayi, bwanji ndiwalembere akusukulu aja kuti andisungire malo ndidzayambe chaka chamawa? Ndithandize fodya wa chaka chino chokha, abambo akapezako bwino ndizipita." Ndinakufunsa ngati anthu amene akukulipirira sukuluwo angadikire, iwe unati mwina. Chikwama chako chili apo chotsegula, zovala zina mkati zina pachingwe, pamene basi ya ku Lilongwe ndi yamawa m'mawa, ndege ndi yamkuja. Yankho langa ndi lakuti pita. Zina zonse ndalemba pansipa ndikungofuna udziwe kumene yankholo lachokera.

Sindikukana kuti pakhomo pano zinthu zavuta. Chiwagwetsereni sitiroko ija nyengo ya msika, bambo ako dzanja lamanja silinabwerere, mwendo akuchita kuukoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Matenanti athu a ku Phalombe aja fodya atatha anapita kwawo, ndipo sindikuwayembekeza. Iwe unasiya ntchito yako ku Lilongwe isanakwane nthawi yopita kusukulu, unabwera kudzawasambitsa bambo ako, unadinda mabelo otsala, unakangana ndi thiransipota mpaka anawanyamula. Zonsezo ndinaona ndi maso angawa ndipo ndikuthokoza, Nambewe. Si ana onse amatero. Koma kuthokoza kwanga kusakhale chingwe chokumangira pano.

Ukukumbuka tsiku unandiuza koyamba kuti wapeza mwayi wa digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka katundu? Ndinaseka mpaka kukhosomola. Ndinati, "A! Mpaka kukwera ndege kukaphunzira kukweza matumba m'lole? Bwanji osangopita pa depoti apa akuphunzitse ulere?" Iwe sunakwiye. Unandifotokozera kuti nkhani yake ndi yakuti chinthu chichoke kumene chapangidwa, chisungidwe malo oyenera, chidutse m'manja mwa anthu onse ochinyamula, n'kufika kwa mwini wake pa nthawi yake chisanawonongeke. Ndinasiya kuseka pomwepo. Moyo wanga wonse wa ulimi ndalirira zimenezo, kungoti sindinkadziwa kuti zili ndi sukulu yake.

Ndiyambe ndi za feteleza. Chinali chaka chimene makuponi anali achilendo, iwe uli ku sekondale yogonera konko. Dzina langa linatuluka, kuponi ndinailandira, yeniyeni, ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuimanga pansonga ya chitenje. Tinkalawirira pa depoti ya pa Kapelula pano, aliyense n'kuika mwala kapena thumba lakutha pamzere kuti lisunge malo, ife n'kukakhala pamthunzi. Wobereketsa analipo, koma wokulitsa, amene timathira chimanga chikangomera, kunalibe. Kalaliki tsiku lililonse ankangoti, "Amayi, lole ili m'njira, mubwere mawa." Mvula yobzalira inagwa, ya zii, nthaka n'kulowa bwino. Ine ndinati ayi, sindibzala kufikira thumba litalowa m'nyumba, chifukwa alangizi anatiuza kuti wokulitsa asachedwe chimanga chikamera. A Nachisale, anansi athuwa, anandipeza ndikupita ku depoti iwo ali ndi khasu ndi mbale ya mbewu. Anati, "Naphiri, mvula siwerenga makuponi. Tiyeni tikabzale, fetelezayo adzatipeza kumunda." Ndinawayankha mwamwano kuti iwo azibzala zachikale, ine ndilima zamakono.

Loleyo inalidi m'njira, kalaliki sananame. Inali itatitimira m'matope kutsidya kwa dambo, ndipo inakhala pomwepo mpaka thirakitala ya kuesiteti inadzaikoka. Pamene thumba linkalowa m'nyumba muno, chimanga cha a Nachisale chinali chofika m'mawondo ndi manyowa a mbuzi okha. Ndinabzala, ndinathira, chinamera chobiriwira chosiririka, aliyense wodutsa ankaima. Koma mvula inadula chikungoyamba kumasula. Tinakolola zitsononkho. Chaka chimenecho ndinapala ganyu m'munda mwa a Nachisale omwewo, ndipo sanandinene ngakhale liwu limodzi, zimene zinandipweteka kuposa akanandinena. Ndaziona, "mwina" wa anthu akusukulu akowo ndimamumva ngati "lole ili m'njira". Akhoza kukhala anthu abwino osanama, koma chaka chamawa ndalama zawo zikhoza kutitimira pena pake iwo osafuna. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Malowo ali m'manja mwako lero, ndiye bzala lero.

Ndipo ukakafika uko ukawafunse aphunzitsi akowo funso langa ili, uziti lachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu: n'chifukwa chiyani katundu wofunika nthawi ya mvula amanyamuka mvula itayamba kale, pamene miyezi yonse ya dzuwa misewu imakhala youma? Ine ndaliganiza zaka zonsezi osapeza yankho. Mwina vuto lili kudoko, mwina kosungira, mwina kwa olemba maoda, sindidziwa. Iwe ukalipeze. Chaka chino akulembanso maina a makuponi, ndipo miyala ija tidzaiikanso pamzere monga mwa nthawi zonse.

Cholakwa china ndi cha mabelo anatibwerera aja, uli chaka choyamba ku yunivesite. Unangomva kuti fodya wathu waola, koma mmene anaolera sitinakuuze. Chaka chimenecho tinachedwa kusankha mpaka mwera unayamba. Iwe ukudziwa mmene fodya amachitira kunja kukauma, ukangomugwira amangofumbutuka m'manja. Nthawi yabwino timamugwira m'mamawa, mame atamufewetsa, koma ndi mwera uja ngakhale m'mamawa anali gwa. Ndinatenga tsache, n'kuviika m'ndowa, n'kumawaza pamasamba tisanaike mu jeke yodindira mabelo. Aliyense amawaza pang'ono, usamve zonama. Koma ine ndinali pachangu, dzanja linalemera. Bambo ako anagwira tsamba limodzi n'kunena kuti, "Naphiri, madziwa achuluka." Ine ndinati, "Achuluka bwanji poti lole ikunyamuka mawa? Asanatenthe n'komwe akhala atagulidwa."

Wonyamula wake anali a Gondwe, mkulu wa kumpoto uja wa lole yobiriwira. Mabelo anawatengadi tsiku lomwe ananena. Chimene ine sindinafunse n'chakuti akachoka pano akagona kuti. Anakawatsitsa pabwalo pawo ku boma, n'kuwafunda lona, kudikira mabelo a makalabu ena, poti lole siyenda yosadzaza. Ndikawaimbira ankangoti, "Yayi mama, machero tikuluta," kutanthauza kuti mawa tikupita. Atanyamuka anakapeza mzere wa malole pa okushoni wosaoneka kothera, anakhalanso pamenepo padzuwa. Tsiku lotsegula mabelo athu, mkati munali motentha, chuku chili mbuu, fungo lake loti ogula anangodutsa atagwira mphuno. Anatibwezera onse. Bambo ako anawamasula paja pamtengo wa mango, anayang'ana, n'kupita kukamwetsa mbuzi. Ine ndinalira ngati pamaliro, anthu mpaka anathamangira kudzaona kuti wamwalira ndani.

A Gondwe ndinawatukwana mumtima chaka chathunthu, koma madziwo anawaza ndine. Ntchito yanga ndinkaidziwa kuyambira kumunda kulekeza pa jeke, ndipo ndinkayesa kuti kutsogoloko ndi nkhani ya eni malole. Ndikanangofunsa kuti katunduyu akagona kuti, pansi pa chiyani, mpaka liti, tsache lija sindikanaliviika. Safunsa anadya phula, mwana wanga. Ukakhala m'kalasi uko uzifunsa, ngakhale Chingerezi chako chizimveka kuti chachokera ku Kapelula. Anzakowo azikaseka tsiku limodzi, mawa adzakhala akukopera kwa iwe. Ndiponso ulifunse ganizo lako lotsala chaka chimodzili kuti likachoka pakhomo pano likagona kuti. Iwe ukuona poyambira pake pokha, monga mmene ine ndinkaonera lole ya a Gondwe ikutuluka pachipata.

Ya ngoloyi ndi yakale, iwe usanabadwe, ndipo bambo ako ankakonda kuikamba pakakhala alendo kuti andichititse manyazi. Tinali ndi chimanga kumunda wa kutsidya uja, chokwana maulendo awiri abwinobwino. Kutacha kunali ukwati wa mnzanga ku Njombwa, ndipo ine ndinali nditasoketsa kale diresi. Ndinati tikweze chonse ulendo umodzi tithane nazo. Bambo ako anati, "Naphiri, ng'ombezi si za boma, ndi zathu." Ine ndinaumirira, ndinakwera pamwamba n'kumapondaponda kuti chilowe. Iwo amati Bulaki, ng'ombe yathu yakuda ija, inatembenuka n'kuwayang'ana kumaso ngati ikufunsa kuti mkazi ameneyu munamutenga kuti. Tinayenda bwino mpaka padambo. Pamenepo teyala linalowa, chitsulo chogwira mateyala chinangoti thyo, ngolo n'kupendekeka, Bulaki n'kugwada pansi pa goli. Chimanga chija tinachituta pamutu mlungu wonse. Ku ukwati sindinapite, ndipo Bulaki mwendo sunachire, tinamugulitsa kwa opha nyama.

Ndakamba ya Bulaki chifukwa ndimakudziwa. Ngakhale ukwere ndegeyo, udzafuna kukweza sukulu ndi khomo lino pangolo imodzi. Uzidzaimba m'mawa, masana, madzulo: amayi mwathira feteleza, amayi abambo amwa mankhwala, amayi mbuzi ija yaswa? Uzidzalima pa foni, mabuku ali chitsegulire pathebulo. Ayi, Nambewe. Uziimba Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, utifunse mmene tadzukira, kenako foni ndiziwapatsa bambo ako. Usamawafunse mafunso ambiri, amatopa kusaka mawu. Uzingowauza zimene waona mlungu umenewo, sitima zapamadzi, nyumba zosungiramo katundu, makina onyamula makontena, iwo zimenezo ndiye amazikonda. Kukachitika chachikulu ndidzakuuza ndekha, sindidzakubisira. Ukapanda kumva kanthu, udziwe kuti tili bwino, uwerenge.

Tsono zing'onozing'ono ndisanaiwale. Akuti kumeneko kumazizira kuposa mwera wa kuno, ndiye ukangofika ugule chijasi chokhuthala usanaganize zotigulira ife nsalu. Chakudya udye chimene wapeza, usakachite matama, munthu saphunzira ndi njala. Ukapeze tchalitchi, ngakhale aziimba ngati sanadye, ukhale nawo ndithu. Amuna akumeneko ndi Amalawi anzako amene ukawapeze, ndilibe nawo mawu ambiri: wofunadi adzadikira pepala la sukulu lituluke, wothamanga umusiye athamange. Usamagone ndi chitofu choyaka m'chipinda chotseka. Nsapato zakuda zija chidendene chayamba kulekana, ukazisokere ku Lilongwe usanakwere ndege. Ndipo tsiku lina ukadzakhala pa mpando woyang'anira katundu wa anthu, abale adzabwera kukhomo lakumbuyo kudzapempha thumba limodzi lokha. Udzawakanize. Ngakhale nditabwera ineyo ndi chitenje changa chatsopano, udzandiphikire tiyi n'kundiperekeza wopanda thumba.

Yotsalayi ndiye yeniyeni, ndipo umaidziwa mwapatalipatali. Ine ndinasankhidwa kupita ku koleji ya uphunzitsi. Kalata inabwera, sutikesi inagulidwa, mudzi wonse unayamba kunditchula kuti aphunzitsi ndisanagwire n'choko chomwe. Nthawi imeneyo agogo ako aamuna anali atangoyamba kulima fodya, ndipo agogo ako aakazi anadwala atabereka amalume ako a Yotamu, miyezi yambiri osadzuka pamphasa. Palibe anandikakamiza, ndisawanamizire akufa. Agogo ako aamuna anachita kunena kuti, "Pita, ife tiona chochita." Ndine ndinati, "Ayi abambo, ndithandize chaka chino chokha, amayi akadzuka ndizipita." Mawu ako adzulo aja, Ndaziona, osasiyana ngakhale pang'ono. Nditawamva m'kamwa mwako ndinawazindikira pomwepo.

Amayi anadzukadi. Koma fodya alibe chaka chimodzi, ndipo ichi anthu osalima sachidziwa. Umafesa nazale dzuwa lili pamutu ngati lino, n'kumathirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa ukuwokera, kenako kupalira, kubandira, kuthyola, kusoka, kupachika. Akauma ukusankha, ukudinda, ukudikira lole, ukudikira msika. Pamene belo lomaliza likugulidwa, nazale ina yamera kale kudimba, timbande tili tiwisi tikukuyang'ana. Ndani angasiye nazale yomera n'kunyamula sutikesi? Umati ndingowokera basi. Ukawokera umati ndingothyola basi. Palibe tsiku limene fodya amakuuza kuti wamaliza, pita. Chaka chotsatira ndinalemba kalata ku koleji, anandiyankha mwaulemu kuti malo anapatsidwa kwa wina, ndiyesenso. Ndinati ndiyesa msika ukatha. Msika utatha kunali nazale, ndipo chaka chinacho kunabwera bambo ako ndi njinga yawo yonyezimira.

Usandimve molakwa. Bambo ako sindidandaula nawo, ndi munthu amene sanandikwezerepo dzanja ngakhale tsiku limene ndinaoletsa fodya. Iwe sindidandaula nawe. Koma ndikamadutsa pasukulu ya pulayimale apa ndi mtolo wa nkhuni, ana akuyankhira aphunzitsi awo pamodzi, ndimayenda pang'onopang'ono, ndipo mtima umandiwawa mpaka lero, imvi zili mbuu. Ndikunena poyera kuti udziwe kuti chinthu chimenechi sichipola. Sutikesi ija ndi imene timasungiramo mbewu ya mtedza kuchipinda, iwe wakhala ukuitsegula chaka ndi chaka osadziwa kuti inagulidwira chiyani.

Ndikudziwa chimene uyankhe, poti ndakulera ndine. Uti nthawi zasintha, uti iwe uli kale ndi digiri, uti iwe sungamire ngati ine. Mwina. Koma dzulo lomwelo unandifunsa ngati mabedi a nazale tagalauza, ndipo unanena kuti upita ukaone ngati kheni ija ikudontha. Wayamba kale, mwana wanga. Ndipo bambo ako, kunena zoona, adokotala sanalonjeze kuti chaka chamawa adzagwira khasu. Ukati udikire mpaka apeze bwino, ukudikira chinthu chimene palibe wakupatsa tsiku lake.

Ndiye tamva zimene zachitika m'mawa uno utangotuluka ndi njinga. Ndimawamwetsa phala bambo ako pakhonde pano, ndipo ndinawauza zonse zimene unanena, osachotsa kanthu. Anamvetsera, anakankha sipuni ndi dzanja lawo labwinolo, n'kunena kuti, "Apite." Ndinati, "Ndi zomwe ndikunena ine, a Mbewe, koma mwana akuti nanga fodya alima ndani? Ine ndekha sindingathe, ndipo iye akudziwa kuti sindingathe. Bola ngati fodya alipo pakhomo pano, mtima wake suchoka." Anatembenukira kuchigafa chathu chopachikamo fodya. Iwe ukudziwa mmene amachinyadira chigafa chimenecho. Mitengo yake anasankha okha umodziumodzi, ndipo alendo ankayamba kuwaonetsa chigafa asanawaonetse nyumba. Kenako anati, "Gwetsani."

Ndinayesa kuti lilime lawaphonya, poti masiku ano amatha kunena mbale akufuna kapu. Ndinati, "Mukuti tikonze? Tifolere udzu wina?" Anamenya ndodo pansi, n'kunena momveka kuposa mawu onse amene alankhula chidwalireni: "Gwetsani, Naphiri. Mwana apite." Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo. Inenso ndinalira, phala n'kuzizira m'mbale. Munthu ameneyu sanaphonyepo nazale chikwatirane chathu, ngakhale chaka cha njala, ngakhale chaka chimene mabelo anabwerera.

Sindinadikire kuti mtima ubwerere m'malo, poti ndimadzidziwa, ndikanayamba kunena kuti tione kaye. Mbewu ya fodya ndakapereka kwa a Nachisale pamodzi ndi kheni. Ndadutsa kwa mlembi wa kalabu kukanena kuti chaka chino asatiwerengere. Amalume ako a Yotamu abwera mawa ndi anthu awo kudzasasula udzu ndi kuzula mitengo ya chigafacho, akaimika kwawo. Ife tilima chimanga, mtedza ndi soya pang'ono, zimene mayi mmodzi angathe ndi aganyu awiri atatu. Sitilemera nazo, koma sitigona ndi njala, ndipo ndidzakhala ndi nthawi yowayendetsa bambo ako pabwalo monga ananenera adokotala. Usapite kwa amalume ako kukawaletsa. Ndawauza kale kuti ukabwera ndi mfundo zako akupatse mpando ndi madzi akumwa, koma asakumvere.

Choncho ukatsala, Nambewe, utsalira fodya amene kulibe. Ukabwera ndi mankhwalawo uwerenge kalatayi, ukwiye ngati ukufuna, ulire ngati ukufuna, kenako uanule zovala zili pachingwezo utseke chikwama. Wakabaza ndamuuza kuti afike kukangoyera. Bambo ako apempha chinthu chimodzi chokha. Akuti mawa ndiwaveke jekete lawo la kutchalitchi, ndiwatulutse panja, mpando uyang'ane kumsewu. Chigafa chizigwa kumbuyo kwawo, iwo safuna kuchiona. Akufuna aone iwe ukupita. Usawadikiritse.

Ndine mayi ako,
Naphiri